Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: TP ikutisaukitsa

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba m'malo mwa anzanga amene tikuphunzira zauphunzitsi pa yunivesite ina yomwe si yaboma. Ndalemba poyera chifukwa makalata amene bungwe lathu la ophunzira linapereka ku maofesi oyenera sanayankhidwe, ndipo palibe anatiuzako ngakhale zoti anafika.

Chimene chatifika pakhosi ndi TP, teremu imene wophunzira amapita kusekondale kukayeserera kuphunzitsa. Palibe pakati pathu amene amadana nayo, pakuti munthu sangapatsidwe digiri ya uphunzitsi asanaimepo pamaso pa ana ndi choko m'manja. Koma teremu yonseyo wophunzira amalipirabe fizi kusukulu kwake, pamene iye ali ku CDSS yakumudzi kumene nyumba sizikwanira ngakhale aphunzitsi olembedwa ntchito. Amachita lendi kachipinda, amagula yekha mapepala ndi zolembera zopangira matchati, ndipo usiku amalemba sikimu ndi mapulani a phunziro akuunikira ndi foni. Aphunzitsi aakulu akaona kuti kwabwera munthu wodziwa masamu kapena sayansi, amamupatsa makalasi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa mwina anawo akhala chaka chathunthu opanda wowaphunzitsa phunzirolo. Motero amene anapita kukaphunzira ntchito amasenza ntchito yonse ya mphunzitsi waboma, osalandira ngakhale tambala.

Mnzanga wina wamkazi, amene ankaphunzitsa bayoloje, anakhomeredwa chitseko ndi mwininyumba chifukwa cha lendi ya miyezi iwiri, m'mawa wa tsiku limene woyang'anira wochokera ku yunivesite ankabwera kudzamuyesa. Fayilo yake ya TP, matchati amene anajambula ndi mapepala a ana amene anachonga, zonse zinatsekeredwa m'katimo. Analowa m'kalasi chimanjamanja, atavala zovala zobwereka, ndipo sanakhoze. Pano akuyenera kubwereza TP ndi kulipiranso, koma amayi ake, amene anagulitsa mbuzi kuti iye afike chaka chachinayi, alibenso chogulitsa. A Nduna, ndikukuuzani mosabisa kuti mtsikana amene ali pa vuto lotere kudera lachilendo amapezeredwa mwayi ndi amuna andalama, ndipo ena mwa alongo athu abwerako ndi mimba m'malo mwa magiredi.

Mavuto ena mukuwadziwa kale. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, fizi, lendi, ufa, mabando a intaneti ndi mtengo wopulintitsa zonse zinakwera. Ena amabwezedwa pakhomo la chipinda cha mayeso chifukwa cha fizi yotsala, ena amadya kamodzi patsiku, ena asiyira panjira.

Tikadandaula, timamva mawu akuti amene ali pa yunivesite yomwe si yaboma ndi mwana wa olemera. Mawu amenewa amatiwawa kwambiri. Ambirife tinakhoza bwino MSCE, koma malo m'mayunivesite aboma, komanso m'makoleji a aphunzitsi a ku Domasi ndi ku Nalikule ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna kulowa. Ena m'kalasi mwathu ndi aphunzitsi a kupulaimale amene akuwonjezera maphunziro ndi malipiro awo ochepawo, mpaka kulowa m'katapila. Mipingo itatsegula University of Livingstonia mu 2003 ndi Catholic University ku Nguludi mu 2006, inathandiza kutseka mpata umene boma palokha silikanautseka. Maphunziro athu amavomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, tikamaliza timalembetsa ku Teachers Council of Malawi monga wina aliyense, ndipo ana amene timaphunzitsa pa TP ndi a m'sukulu zanu.

Dziko lino linalawapo kale kuipa kosakonzekera aphunzitsi. Maphunziro aulere a kupulaimale atayamba mu 1994, anthu zikwizikwi analowetsedwa m'kalasi asanaphunzire ntchitoyi, ndipo ana ndi amene anavutika. Chiyambire pamenepo boma lililonse lakhala likulonjeza kulemekeza mphunzitsi, masomphenya a Malawi 2063 akunenanso za kutukula anthu kudzera m'maphunziro, komabe taona omaliza maphunziro a uphunzitsi akukhala pakhomo zaka zingapo, kenako n'kutengedwa ngati aphunzitsi othandizira chabe. Tikuyamikira kuti lamulo la 2015 lokhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira silinatisiye kunja ife a m'mayunivesite ovomerezeka omwe si aboma, koma amene amapeza mwayiwu ndi ochepa m'kalasi mwathu, ndipo ndalama imene amalandirayo imathera ku fizi.

Pempho lathu ndi ili, a Nduna. Wophunzira aliyense wa pa yunivesite yovomerezeka amene watumizidwa ku sukulu yaboma pa TP azipatsidwa alawansi ya mwezi ndi mwezi yokwanira lendi ndi chakudya. Ngati thumba la boma silingathe, ndalama imeneyi iikidwe mu ngongole ya ophunzira ndipo izituluka tisananyamuke, tidzabweza tikayamba ntchito. Tikupemphanso kuti unduna wanu ukhale pansi ndi mayunivesite athu, mugwirizane fizi yoyenera kulipira pa teremu imene wophunzira sali pasukulu. Gulu lina likukonzekera kupita ku TP, ndipo tikufuna yankho lanu lolembedwa gululi lisananyamuke.

Ine wanu,
Wophunzira zauphunzitsi wa chaka chachinayi