Kwa mwana wanga, za seva ya mafilimu ija

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, mwendo wa amayi ako wayamba kulola. Koma si moni wandilembetsa kalatayi. Mlongo wako wandiuza kuti ukufuna kutenga katapila kuti ugule makina atsopano osungira mafilimu kunyumba, seva imene mnzako uja wakhala akukukokera. Katapila, iwe? Chimvereni nkhaniyi tulo sitikubwera.

Ganizo lenilenilo sindikulikana ayi. Kuika mafilimu, nyimbo ndi zithunzi za banja pamalo amodzi, ana n'kumaonera pa TV kapena pafoni osatha bandulo, ndi nzeru yabwino. Unali chomwecho kuyambira kale. Uli Sitandade 4 unamasula wailesi yanga yonse, zomangira zili mbwee pamphasa, ati ukufuna kuona anthu olankhula m'katimo. Ndinakalipa, koma mumtima ndinanyadira. Chimene ndikukana ndi ngongole.

Pazaka zimene ndakhala ndikukonza ma TV ndi makompyuta a anthu, ndaona kuti ntchito imeneyi siilira makina atsopano. Kompyuta yakale ya muofesi, ngati Dell OptiPlex zimene zimagulitsidwa zitagwirapo kale ntchito, ikukwanira. Ngakhale laputopu yako ija yosweka sikirini, bola ikuyaka. Laputopuyo ili ndi ubwino wakenso: magetsi akathima, batire imaigwirizira kwa kanthawi, hard drive, yomwe imasunga mafayilo onse, siidzidzimuka ili pakati polemba. Uikemo Ubuntu kapena Debian, mapulogalamu oyendetsa kompyuta ngati Windows, koma aulere. Pamwamba pake uike Jellyfin, pulogalamu yotumiza mafilimuwo ku TV ndi kufoni, yaulerenso, simalipira pamwezi. Mnzakoyo akakuuza kuti popanda kulipira Plex Pass (gawo lolipira la Plex, pulogalamu ina yonga Jellyfin) palibe chimene chiyende, umufunse kuti ndalamazo apereka ndani. Mapurosesa a Intel ambiri kuyambira 2011 ali ndi Quick Sync, imene imathandiza kusintha filimu kuti ikwane pafoni. M'nyumba ya anthu ochepa ngati yanu, umafunanso chiyani?

Uwerengerenso magetsi, chifukwa seva siigona. Mwezi wa masiku 30 uli ndi maola 720. Chimakina chodya mawati 100 chikuthera mayuniti 72 pamwezi, musanayatse n'komwe mbaula kapena ayironi. Kakompyuta kodya mawati 10, ngati Raspberry Pi ndi hard drive yake, sikafika mayuniti 8. Mayuniti amenewo azigula ndi mtengwa wathu pa ndalama ya ndiwo. Wamufunsa? Kapena naye adzamvera kwa mlongo wako ngati ine?

Mnzako uja ndikumudziwa. Ndi yemwe uja anakugulitsa sipika zazikulu zimene mpaka lero zikungodya fumbi kuseri kwa chitseko kuno. Iye sabweza nawe ngongole. Tsiku limene wakatapila adzafike pakhomo kudzanyamula TV ndi firiji, iye foni yake idzakhala yothima. Ndipo ngati akukunyengerera kuti muzilipiritsa anthu kuonera mafilimu a eni ake kuti ndalama ibwerere, usayerekeze. Ukhoza kukathera kupolisi, ana ali aang'ono chonchi.

Pamene ndikufuna uwonongepo ndalama ndi pamodzi pokha: ma hard drive awiri. Yoyamba ya 1TB ikukwana kuyambira, imanyamula za ma DVD pafupifupi 200. Koma hard drive imafa, mwana wanga, ndipo siitsanzika. Ndalandirapo anthu akulira pabenchi yanga, zithunzi za ukwati ndi za maliro zitapita zonse. Mafilimu ungawapezenso. Mawu a agogo ako akuimba pa chinkhoswe chako sungawapezenso kwina. Choncho za banja uzikopere pa hard drive ina, uichotse pa kompyuta, uisunge m'kabati, ngakhale kuibweretsa kuno. Ma hard drive awiri okhala m'bokosi limodzi, zimene amati RAID zija, mphezi ikalowa amapsera limodzi. Ugule surge protector, kachipangizo koteteza zida magetsi akabwera mwamphamvu, mvula isanayambe, ndipo kukachita mabingu uzizula pulagi kukhoma.

TV uilumikize ku rauta ndi waya, usadalire Wi-Fi yokha, makoma a nyumba yanu ija ndi okhuthala. Kompyutayo usaiike pansi pamene pamadutsa tsache, fani imakoka fumbi n'kuyamba kutentha.

Ndibwerezenso: usatenge katapila. Ngati watenga kale, usandibisire, undiimbire lero lomwe tione pobwezera chiwongoladzanja chisanakwere. Sindikukalipira pafoni, ndikulonjeza. Ngati sunatenge, dikira malipiro a mwezi uno ugule hard drive imodzi, yachiwiri mwezi wamawa. Ndili ndi RAM (memore ya kompyuta) ndi mawaya m'katoni yanga, ndikupatsa ulere.

Amayi ako akuti kaseti ya VHS ya ukwati wathu yayamba kuchita nguwi, ndiye ukabwera kumapeto a mwezi uitenge, upeze woisamutsira pa kompyuta isanawonongekeretu. Ubwere ndi laputopuyo ndiione batire ndi fani. Upereke moni kwa mtengwa ndi adzukulu anga.

Ndine,
Bambo ako