Tisamalize kulipira mmisiri mvula isanayese nyumba

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa vuto limene likusautsa anthu ambiri amene akumanga nyumba zawo, m'tauni ndi m'midzi momwe. Munthu amasunga ndalama kwa zaka zambiri, ena mpaka kutenga ngongole kubanki, koma mvula yoyamba ikangogwa khoma latsopano limang'aluka kuyambira pangodya ya zenera mpaka pansi, denga limadontha pamisomali, ndipo penti amasupuka m'munsi mwa khoma chifukwa cha chinyontho chokwera kuchokera m'nthaka. Akamuimbira foni mmisiri, sayankha, popeza ndalama zake zonse analandira kale.

Zolakwika zoopsa kwambiri ndi zimene zimakwiririka ndi dothi kapena kubisika ndi pulasitala. Maziko osaya amene akumbidwa pa dothi la makande amasuntha chaka ndi chaka, chifukwa dothilo limafufuma m'dzinja ndi kung'aluka m'chilimwe. Pepala lakuda loletsa chinyontho likaiwalika pamwamba pa maziko, palibe penti amene angachize khomalo. Konkire amafunika kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7 ndipo amafika pamphamvu yake yoyembekezeka pakatha masiku 28, koma ambiri amachotsa matabwa mawa lake ndi kuyamba kusanja njerwa pamwamba pake. Chivomerezi cha ku Karonga cha mu 2009 chinagwetsa nyumba zambiri, komabe mpaka lero alipo amene amaona ngati mkombero wa konkire ndi zitsulo womanga makoma onse pamwamba pa mazenera ndi kungotaya ndalama.

Sindikunena kuti mlandu wonse ndi wa amisiri. Eni nyumba ena ndi amene amakakamiza mmisiri kuti thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 ligwire ntchito ya matumba awiri, ndipo zotsatira zake n'zakuti ukakanda ndi msomali pakati pa njerwa, mchenga umangoyoyoka. Abale athu amene ali ku Johannesburg kapena ku London ndiye amavutika koposa, chifukwa amatumiza ndalama atangoona zithunzi za pa WhatsApp, pamene chithunzi sichionetsa kuya kwa maziko kapena kuchuluka kwa zitsulo zimene zaikidwa m'kati mwa konkire.

Pa ntchito zikuluzikulu za boma ndi za makampani, mwini ntchito amasunga gawo la malipiro, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, mpaka patadutsa miyezi 6 kapena chaka chathunthu, ndipo kontrakitala amakonza ndi ndalama zake chilichonse chimene chawonongeka m'nthawiyo chifukwa cha kamangidwe kolakwika. Sindikuona chifukwa chimene mphunzitsi kapena mlimi amene akumanga nyumba ya zipinda zitatu angalepherere kuchita chimodzimodzi. Alembe mgwirizano pamaso pa mboni, azilipira pang'onopang'ono akamaliza kuona gawo lililonse lisanakwiriridwe, ndipo ndalama yotsalayo aipereke dzinja loyamba likatha. Mmisiri wokhulupirika sangakane zimenezi ngati zanenedwa ntchito isanayambe. Chimene chimabweretsa mkangano ndi kumugwirira ndalama kumapeto popanda pangano.

Mng'alu ukaoneka, si bwino kuthamangira kuumata. Ndi bwino kulemba chizindikiro ndi pensulo kumapeto kwake pamodzi ndi tsiku, kuujambula, ndi kumudziwitsa mmisiri polemba kalata. Ngati sukukula, mwina ndi wa pulasitala chabe ndipo ukhoza kumatidwa. Ngati ukutalika kapena kuyasamula, ndipo zitseko zayamba kuvuta kutseka, vuto likhoza kukhala pamaziko, choncho pamafunika injiniya kuti adzaone, ngakhale kuti kumuitana kumafuna ndalama.

Bungwe la National Construction Industry Council linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996 kuti lizilembetsa makontrakitala ndi kuyang'anira ntchito za zomangamanga, koma nyumba zambiri za anthu wamba zimamangidwa ndi amisiri amene sanalembetsedwe kulikonse. Ndikupempha akuluakulu oyang'anira ntchitozi, pamodzi ndi makhonsolo athu, kuti akonze chikalata chachifupi cha mgwirizano m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, chokhala ndi ndime yosunga gawo la malipiro, ndipo chizipezeka kwaulere kumaofesi a khonsolo ndi m'masitolo ogulitsa simenti ndi malata.

Wowerenga nyuzipepala yanu,
Lilongwe