Kalata yothokoza Ofesi ya Zausodzi ku Nsanje

Kwa Bwana Mkulu,
Ofesi ya Zausodzi,
Boma la Nsanje.

Bwana,

Ndalemba kalatayi m'malo mwa komiti ya pa doko lathu, kuno kumunsi kwa dambo la Elephant Marsh, mbali ya ku Bangula. Ine ndine mlembi wa komitiyo. Ntchito yanga ndi kugula nsomba kwa asodzi, kuziwamba, n'kukagulitsa ku Nchalo, nthawi zina mpaka ku Limbe. Anzanga anati popeza cholembera chimakhala ndi ine ndilembe ndine, koma ndisakometse mawu ngati wokapempha ngongole. Ndiyesetsa.

Mukanafika pa doko lathu zaka zingapo zapitazo, mukanatsina mphuno musanatsike n'komwe pa njinga. Matumbo a milamba tinkangotaya pomwepo pamene tatumbulira. Anyamata a kabaza ankalowetsa njinga zamoto m'madzi n'kumatsuka, ena kusinthira oilo pa mchenga, ndipo m'mawa pamwamba pa madzi pamaoneka mafuta onyezimira ngati utawaleza. Majumbo ndi mabotolo a pulasitiki ankakodwa m'bango. Chimbudzi kunalibe, bango lomwelo ndiye linali chimbudzi. Madzi ake ndi omwewo amene tinkatsukira nsomba zokadya anthu. Kolera atavuta mu 2022 ndi 2023, ogula ena ku msika anayamba kufunsa kuti nsombazi zachokera doko liti. Funso limenelo linkatilasa, chifukwa tinkadziwa chimene tikubisa.

Chimene tikuthokoza kwambiri ndi mmene alangizi anu anatilowera. Ife tinkayembekezera chindapusa ndi kulandidwa maukonde. Iwo anafika, nakhala pa bwato logadabuzika, natola botolo lopanda kanthu n'kufunsa kuti, "Ili ndikaliponya m'madzimu, likagona kuti?" Agogo ena osoka ukonde anayankha osadzutsa mutu kuti likagona kwa ang'ona. Anthu anaseka. Alangiziwo anatenga kamtengo n'kuyamba kujambula pa mchenga: uyu ndi Shire, apa pa Chiromo wakumana ndi Ruo, wadutsa pa boma, dambo la Ndinde, Marka, walowa mu Mozambique, wathira mu Zambezi, mpaka wakafika ku nyanja yamchere cha ku Chinde. Atafika kumapeto kwa mzerewo anaimika botolo lija. "Likagona apa," anatero, "pakhomo pa anthu ena amene nawonso amadya za m'madzi ngati inu."

Anatifotokozera kuti kumene Zambezi amathira m'nyanjako kuli nkhalango ya mitengo yomera m'matope a madzi amchere, imene amaitcha mangrove. Mizu yake imatuluka pamwamba ngati miyendo, ndipo m'mizumo ndi mmene tinsomba ndi nkhanu zimakulira zisanapite pakati pa nyanja. Mafunde akadza ndi mphepo yamkuntho, amayamba aphwanyikira m'mitengomo asanafike ku nyumba za anthu. Agogo aja apa anadzutsa mutu. Anati, "Ndiye ndi bango lathu lomweli, kungoti la kunyanja." Palibe amene anafotokoza bwino kuposa pamenepo tsiku limenelo.

Ine nkhaniyi inandigwira mtima pa chifukwa china. Achemwali anga anakwatiwa ku Beira ndi bambo amene anakhala kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene Nsanje inadzaza ndi othawa kwawo. Namondwe wa Idai atasakaza mzindawo mu March 2019, ndinapita kukawaona. Alamu anga anandiyendetsa mpaka kufupi ndi doko lalikulu la mzindawo, kumene kumatsikira mafuta ndi feteleza wambiri wobwera kuno ku Malawi. Anandilozera chombo china chimene ntchito yake ndi kukumba matope pansi pa madzi, popeza doko la Beira lili pa matsiriro a mtsinje wa Pungwe ndipo mchenga suleka kubwerera m'njira ya sitima. Ku Nacala, doko lina la ku Mozambique komweko, anati, n'kozama mwachibadwa, sikufuna zonsezo. Anandionetsanso kamtsinje ka Chiveve, kodutsa pakati pa mzinda, kamene kanali katatsekeka ndi zinyalala koma anakatsegulanso n'kusamalira mitengo ya mangrove m'mbali mwake kuti madzi a mvula azipeza potulukira. Nthawi imeneyo ndinangoti ndi zinthu za m'tauni ya eni. Sindinaganizepo kuti mawu akuti doko, amene timatchulira kamchenga kathu kokocheza mabwato, ndi omwewo otchulira kumene kumaima sitima zazitali kuposa bwalo la mpira, ndiponso kuti matenda ake ndi amodzi: mafuta otayikira, zinyalala, ndi kugwetsa zomera zogwira gombe.

Ngakhale za namasupuni alangizi anu anazilumikiza komweko. Tonse timamudziwa mmene amatsekera njira mpaka wopalasa kutuluka matuza m'manja, koma ambiri sitinkadziwa kuti ndi mlendo wochokera ku South America. Anati sitima zikuluzikulu nazo zimanyamula alendo otere mosadziwa. Sitima ikatsitsa katundu imamwa madzi kuti isapepuke, ndipo ikafika doko lina kukasenza katundu imalavula madziwo pamodzi ndi tizamoyo ta kwina. N'chifukwa chake mu 2017 linayamba kugwira ntchito pangano la mayiko loti madzi amenewo aziyamba ayeretsedwa asanatayidwe. Chaka chomwecho ndi chimene dambo lathuli linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, lachiwiri kuno ku Malawi pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Kunena zoona, mbiri imeneyo inatipitirira pamutu pamene inkalengezedwa. Tinkati Ramsar ndi bungwe lodzagawa ufa.

Lero pa doko pali mgolo wothiramo oilo wakutha, ndipo akalipentala amabwera kudzatunga kuti azipaka mitengo ya denga chiswe chisadye. Njinga amatsukira kumtunda ndi ndowa. Chimbudzi tinakumba patali ndi madzi, pa chulu chimene amfumu anatipatsa. Matumbo a nsomba timakwirira m'dzenje, ndipo amayi a madimba amadzafukula akawola. Uvuni wowambira nsomba umene munatiphunzitsa kumanga wandichepetsera nkhuni moti mtolo umene unkatha tsiku limodzi tsopano umagona. Bango la m'mphepete tinagwirizana kuti lisamatenthedwe. Namondwe wa Freddy atabwera mu March 2023 madzi anatimiza ndithu, zimenezo bango silingaletse, koma atabwerera tinapeza kuti pamene panali bango gombe lidakalipo, pomwe pamene panalimidwa mpaka m'madzi panagumuka.

Sindikunamizani kuti zonse zayera. Nkhani ya masikito ikadali yovuta. Neti yoti mwana agonemo, munthu amaisoka n'kukakokera m'madzi, ndipo imakokolola chilichonse, ndi mphende zazing'ono ngati chala zomwe. Ine ndemwe ndinkagula tinsomba timeneto chifukwa timatuluka msanga pa msika. Alangizi anu sanandinyoze pagulu. Anadikira anthu atabalalika n'kundiuza kuti, "Mayi, wokoka amakoka chifukwa pali wogula." Ndinapita kunyumba ndili wokwiya, nsima osaimva kukoma. Patatha sabata ndinasiya. Ena sanasiye, ndipo sindiwaweruza msanga, chifukwa chaka cha njala, pamene anthu akumira m'dambo kufuna nyika ng'ona zili pomwepo, n'kovuta kuuza munthu kuti adikire nsomba ikule.

Pali chinthu chimodzi chimene komiti yandituma kuti ndipemphe, ngakhale kalatayi ndi yothokoza. Pa boma pali doko lija limene linatsegulidwa mu October 2010 ndi cholinga choti zombo zizichoka ku Nsanje, kutsata Shire ndi Zambezi mpaka ku nyanja, monga zinkachitira kale pamene tauniyi inkatchedwa Port Herald. Dziko la Mozambique linati payambe pachitika kafukufuku woona mmene ulendowo ungakhudzire mitsinje ndi zachilengedwe, ndipo mpaka lero simenti ija ili phee. Ambiri kuno timafuna dokolo litagwira ntchito. Ndani angakane kuti feteleza atsike mtengo ndi ana athu apeze ganyu? Poyamba nkhani ya kafukufukuyo tinkaiona ngati kutchinga chabe. Tsopano ine ndimaiona mosiyana. Kuti chombo cholemera chidutse mu Shire nthawi ya chilimwe pafunika kukumba, ndipo mtsinje ukazama pakati, madzi a m'mathamanda mmene nsomba zimaswanirana angathe kutsika. Matope okumbidwawo akatayidwa kuti? Chombo chikadontha mafuta pa Ndinde, adzapukuta ndani, ndipo adzauza ndani asodzi a kumunsi? Tsiku limene nkhaniyi idzabwererenso pa tebulo, kapena ina iliyonse yokhudza madzi a m'chigwa chino, tikupempha kuti ofesi yanu idzakhale nawo m'chipindamo, ndipo idzatenge mmodzi kapena awiri a ife opalasa bwato. Chingerezi tilibe, koma tikudziwa pamene mvuu zimagona ndi pamene mlamba umaikira mazira.

Mutiperekere moni kwa alangizi athu. Anzathu a Chisena pa komiti anati ndisaiwale kulemba mawu awo akuti takhuta, amene kwa iwo ndi zikomo, ngakhale kwa ife ena amamveka ngati tadya kale. Mukadzabwera mbali ino mudzafike m'mawa mabwato akamakocheza, ndipo ngati n'kotheka mudzatitengereko mgolo wina, popeza uja wayamba kudontha pansi.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti ya pa doko,
dera la Bangula.