Makolo, yang'anani maphunziro a Higher Level mwana asanayambe IB

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga olankhula Chichewa muno mu Harare amene akuganiza zoti mwana akamaliza O-Level achite International Baccalaureate (IB) Diploma m'malo mwa A-Level ya ZIMSEC kapena ya Cambridge. Harare International School ya ku Mount Pleasant imaphunzitsa pulogalamuyi, ndipo fizi yake ndi yokwera, choncho ndi bwino kudziwa chimene mukulipirira.

Pa A-Level mwana amangotenga maphunziro atatu nthawi zambiri. Pa IB amatenga asanu ndi limodzi kwa zaka ziwiri: atatu pa Higher Level, maola 240 lililonse, ndi atatu pa Standard Level, maola 150. Phunziro lililonse limapereka mapointi kuyambira 1 mpaka 7, ndipo onse akaphatikizidwa ndi mapointi atatu owonjezera ochokera pa Extended Essay ndi Theory of Knowledge amafika 45.

Phindu lenileni lili pa Extended Essay. Mwana amasankha yekha funso, n'kufufuza, n'kulemba mawu osapitirira 4,000, mphunzitsi womuyang'anira akungomuwongolera kwa maola ochepa. Amaphunzira kuchepetsa funso lotambalala kwambiri, kusonyeza kumene watenga mfundo iliyonse, ndiponso kulembanso ndime imene yakanika. Kusadziwa izi n'kumene kumagwetsa ana ambiri m'chaka choyamba ku yunivesite, ngakhale amene anakhoza bwino mayeso. Theory of Knowledge nayo imamuzoloweza kufunsa kuti “tikudziwa bwanji zimenezi?”, ndipo amalemba nkhani ya mawu 1,600. Mwana akapeza E, giredi yotsikitsitsa, pa chimodzi mwa ziwirizi, dipuloma palibe, ngakhale masamu atakhoza chotani. CAS, ija ya luso, masewero ndi kuthandiza anthu kwa miyezi 18, ilibe mapointi, koma wosaimaliza salandiranso dipuloma.

Pamene mabanja amapunthwa ndi pa kusankha. Mapointi 24 ndi okwanira kukhoza, koma pa maphunziro atatu a Higher Level pamafunika osachepera 12, ndipo mayunivesite amayang'ana kwambiri pamenepo. Masamu alipo amitundu iwiri, Analysis and Approaches ndi Applications and Interpretation. Mayunivesite ena a uinjiniya amafuna woyambawo, pa Higher Level. Wofuna udokotala nthawi zambiri amafunika Chemistry pa Higher Level. Mwana akatenga masamu opepuka chifukwa mnzake watenga omwewo, amadzazindikira m'chaka chachiwiri pamene kusintha kwavuta kale. Choncho tsegulani masamba a mayunivesite atatu kapena anayi amene mwana akufuna, lembani zofunika zawo papepala, kenaka musankhe maphunziro.

Za nthawi nazonso. Kufunsira malo ku Oxford, Cambridge kapena udokotala ku Britain kudzera ku UCAS, bungwe lolandira makalata ofunsira malo m'mayunivesite a kumeneko, kumatsekedwa pa 15 October, mayeso a May asanalembedwe, choncho mayunivesite amagwiritsa ntchito magiredi amene aphunzitsi akuyembekezera. Ulesi wa chaka choyamba cha IB umaonekera pomwepo. Ku South Africa, mwana amafunikanso satifiketi ya exemption, yomuvomereza kuchita digiri, yochokera ku bungwe la Universities South Africa, ndipo ifunsidwe msanga.

Mwana amene amakhoza masamu ndi sayansi koma salimba pa zilankhulo ndi kulemba angapindule kwambiri ndi A-Level, chifukwa IB imafuna zilankhulo ziwiri ndipo siimulola kusiya ngakhale chimodzi.

Mphunzitsi wa sekondale,
Harare