Kwa mwana wanga amene wapatsidwa mpando

Wokondedwa mwana wanga,

Uthenga wako unandipeza ndili kudimba, ndipo nthungululu imene ndinaimba anzanga anayesa wapeza banja. Mwana wanga ine, mkulu wa bungwe lothandiza anthu aulumali! Pafoni sindikanatha zonse, mayunitsi adula, ndiye ndati ndikulembere.

Ukukumbukira galimoto yoyera ija inabwera kwa amalume ako uli Sitandade 4? Munatsika anthu atatu ndi njinga ya olumala yatsopano, mapulasitiki asanachotse n'komwe. Anawanyamula amalume ako n'kuwakhazikapo, akuti mwetulirani, kuwajambula kutsogolo, kuwajambula chammbali. Atatha anati iyi ndi yachitsanzo chabe, yanu ibwera mwezi wamawa. Anawabwezera pamphasa, njinga n'kukweranso galimoto. Mchimwene wanga anakwawabe zaka zinayi, atamanga zidutswa za tayala m'mawondo. Chithunzi chija sindikayika kuti chinapita kutali ndipo chinaitana ndalama. Ndiye munthu amene anabadwa bwinobwino, poliyo n'kudzamupeza ali ndi zaka zisanu. Lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza.

Ndakumbutsa dala nkhaniyi chifukwa tsopano makiyi a galimoto yoyera ali m'manja mwako. Ndalama iliyonse yolowa mu ofesi yakoyo yabwera m'dzina la munthu ngati amalume ako. Mwini wake ndi iyeyo, iwe wangosungitsidwa.

Sindikuopa kuti udzaba, ndinakulera ndine. Chimene ndikuopa ndi kudya kumene anthu sakutcha kuba. Msonkhano woti mukanachitira mu ofesi mwanu, mwaupititsa kunyanja ku Mangochi kapena ku Salima kuti papezeke ma alawansi. Mapepala onse ali bwino, ma risiti alipo, wowerengera ndalama sapezapo cholakwa. Adzakuuza kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Iwe usanasainire, uziwerengera mwina: masiku atatu kuhotela ndi njinga zingati, ndodo zoyera zingati, mabotolo angati a mafuta oteteza khungu kudzuwa? Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno, ndipo dzuwa la mu Okutobala silidikira kuti msonkhano uthe. Kalembera yemweyo anati mwa anthu khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali. Ndalama sizidzakwana ngakhale utazisamala chotani, nanji utazimwaza.

China, usadzakhale wowayankhulira ngati alibe pakamwa. Kale boma linkawaona ngati anthu ongofunika kuwasunga, nthawi imene linakhazikitsa MACOHA, bungwe lake loona za anthu aulumali, ndi lamulo la 1971. Panadutsa lamulo la 2012, kenaka la 2024 limene linasintha MACOHA kukhala MACODA, ndipo tsopano nkhani ndi ya ufulu, osati chifundo. Eni akenso ali ndi mabungwe awo: FEDOMA yophatikiza mabungwe a anthu aulumali, APAM ya achialubino, MANAD ya osamva. Mawu awo ndi akuti za ife musakambe popanda ife. Unaona mu 2021 anthu a ku Nkhotakota atasankha a Overstone Kondowe, munthu wachialubino, kukhala phungu. Ndiye tayang'ana bodi yako, muli angati aulumali? Nanga ofesi yakoyo, wa panjinga angalowe yekha, kapena mpaka anyamata amunyamule pamasitepe ngati thumba la chimanga? Pamsonkhano wopanda womasulira chinenero chamanja, wosamva mwangomuitanira mpunga ndi Fanta.

Za achibale ndinene mwachidule. Abwera, ena ayamba kale kundifunsa nambala yako. Wina afuna udalaivala, wina akuti mwana wake alembedwe pamndandanda wa olandira thandizo pomwe akuthamanga ngati gwape. Ukane. Ngakhale ine ndemwe ndikadzafewa mtima n'kukupempha, undikanire, ndidzadandaula sabata imodzi basi.

Chovuta kwambiri ndi ichi. Tsiku lina udzamva kuti wantchito wako, mwina amene umamudalira, wagwira mtsikana wosayankhula kapena wozerezeka, podziwa kuti sakanena, ndipo akanena palibe womukhulupirira. Anthu adzabwera kwa iwe mwaulemu, akuti tikambirane m'nyumba, dzina la bungwe lingaipe, othandiza angathawe. Wantchitoyo usamusamutsire ku boma lina kuti akapitirize komweko. Mtsikanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, nkhani ikafike kupolisi ku Victim Support Unit, ndipo pakhale munthu womva chinenero chake. Othandiza akathawa chifukwa cha zimenezo, athawe.

Ndipo zithunzi, mwana wanga. Uzipempha kaye, uwauze kumene chithunzicho chikupita, ndipo wokana asachotsedwe pamndandanda.

Amalume ako ndawauza za mpando wako. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti ndikuuze kuti ukadzabwera ndi galimoto yoyera uimike kutali, ufike wapansi. Njinga yopalasa ndi manja imene tinawagulira ija ikuyendabe, koma tcheni chatha ndipo tayala lakumanzere laphulika kawiri mwezi uno. Ukamabwera pa Khirisimasi uwagulire tcheni ndi machubu awiri, za m'thumba mwako. Nkhuku yako ndasunga.

Ndine,
Mayi ako