Msampha wa 2 = 1 uli pa kugawa ndi ziro

Akonzi,

Ana a sekondale kuno ku Nsanje ndi Chikwawa amakodwa ndi masamu onama akuti 2 = 1. Amayamba ndi a = b, nkuchulukitsa mbali zonse ndi a: a² = ab. Akachotsa b² amapeza (a + b)(a − b) = b(a − b). Mpaka apa zili bwino.

Kenako amafafaniza (a − b) uku ndi uku, nkutsala a + b = b, kutanthauza 2b = b, ndiye 2 = 1. Nkhani yagona pamenepa: popeza a = b, (a − b) ndi ziro, ndipo kugawa ndi ziro nkosaloledwa. Paja 5 × 0 = 3 × 0, koma 5 si 3.

Aphunzitsi anzanga, okonzekera MSCE aziika nambala m'malo mwa a ndi b pa mzere uliwonse. Tikati a = b = 4, mzere wa (a + b)(a − b) = b(a − b) ukupereka 0 = 0, koma wa a + b = b ukupereka 8 = 4.

Mphunzitsi wa masamu,
Bangula