Opanga magemu, dzina la kampani lili ndi mwini wake

A Mkonzi,

Ndili ndi kantemba ku Mtendere komwe ana amalipira kuti asewere mpira pa PlayStation. Mwana wa mlongo wanga, yemwe anakulira m'kantembamo, tsopano akupanga gemu yakeyake ya pa foni. Umayendetsa minibasi kuchoka pa Kulima Tower, kukangana ndi ang'wang'wazi, kuzemba maenje mpaka ku Matero. Nditaiona ndinaseka mpaka misozi. Koma m'mbali mwa msewu anaikamo mabanki, masitolo ndi makampani a foni enieni, maina ndi zizindikiro zomwe, ndipo minibasi ikaphonya imakagumula khoma la sitolo ya eni ake. Iye akuti akuwatsatsira malonda ulere!

Ndinamukumbutsa PES, gemu ya mpira ya kampani ya Konami, imene tinkasewera kale. M'malo mwa maina enieni a matimu, munali Man Red, Man Blue, Merseyside Red. Kodi a Konami anaiwala dzina la Liverpool? Ayi, analibe chilolezo. Ngakhale EA, ndi ndalama zake zonse zija, mu FIFA 20 inalemba Piemonte Calcio m'malo mwa Juventus. Mu 2020 Manchester United inasumira Sega pa nkhani ya Football Manager, ndipo atamvana, timuyo inayamba kutchedwa Manchester UFC m'gemumo.

Mnyamatayo, poti amagonera pa intaneti, anandiyankha kuti opanga magemu amawina milandu. Sananame. AM General, opanga galimoto za Humvee, anasumira Activision mu 2017 chifukwa choika galimotozo m'gemu yake ya Call of Duty, ndipo mu 2020 khoti la ku New York linaweruza mokomera Activision. Komatu izo ndi zaka zoposa ziwiri maloya akudya, ndipo chigamulocho chinatsamira pa lamulo la ku America loteteza ufulu wolankhula. Ife wa lendi yemwe timachita kumupempha kuti adikire. Kuno zizindikiro za malonda zimalembetsedwa ku bungwe la boma la PACRA, ndipo mwini dzina sangavutike n'kupita kukhoti. Akangodandaula ku Google, gemu ikhoza kuchotsedwa pa Play Store, thukuta lonse n'kupita pachabe.

Ndinamuuza kuti Matero ndi Cairo Road azisiye momwemo, ndi malo a tonsefe. Koma sitolo ija anaisintha dzina ndi utoto womwe, tsopano ndi Gula Ulire. Loweruka ana anaisewera m'kantemba, ndipo aliyense ankalumbira kuti akuidziwa sitoloyo, ngakhale aliyense ankatchula yosiyana ndi ya mnzake.

Mwini kantemba ka magemu,
Mtendere, Lusaka